Mbewu Sitidya, Ngakhale za mu Gemu

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuifotokoza pagulu. Akuti ana akula, ena ali pafupi kufunsira, ndiye si bwino apongozi am'tsogolo adziwe kuti bambo wa pakhomo pano anachititsidwapo manyazi ndi zidole za mu TV. Koma pa Balaka palibe wakabaza wakale amene saidziwa, ndipo aliyense amaithira mchere wakewake. Bola ndiinene ndekha, manyazi anga ndiwasenze bwinobwino pamutu panga.

Chinali chaka cha njala, chija mvula inayamba mwaulemu n'kudula chimanga chili m'mawondo. Ine Fanuel ndinali msodzi ku nyanja ya Chiuta, kwathu kwa Kawinga. Nyanja inabwerera m'mbuyo mpaka bwato langa linatsala lokha pamatope ong'aluka. Kunyumba tinkadya kamodzi patsiku, dzuwa likalowa: mango owiritsa, nthawi zina nyika zokumba m'dambo, tikachita mwayi makaka ochokera ku Mozambique. Lamulo la akazi anga a Esinati linali losasintha. Amayamba ndi ana, kenako mayi, bambo pomaliza.

Ndiye panali chitini. M'chitinimo munali mbewu yathu ya chimanga, yothira phulusa, yopachikidwa kudenga kumene mwana sangafike ngakhale atakwera pamtondo. Tsiku limene ndinkanyamuka kukasaka ganyu ku Balaka, a Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Bambo a Mada, mukapeze kanthu mwezi uno usanathe," anatero. "Ana ayamba kuchiyang'ana chitini chija. Ine ndikulimba mtima, koma akadzalira kwambiri ndidzachitsitsa."

Tonse tinkadziwa kuti mbewuyo ikalowa m'poto, njala ya chaka chimenecho ibereka inzake.

Ku Balaka ndinafikira kwa alamu anga a Rajabu, amuna a mlongo wanga, wakabaza wa pa siteshoni. Ganyu kunalibe. Thumba limodzi likatsika m'lole, khamu la amuna tinkalithamangira ngati lagwa kumwamba. Masana ndikatopa ndinkakakhala m'kachipinda ka gemu ka Abiti Jafali, mayi wa golosale pafupi ndi njanji. M'menemo munali benchi, mthunzi, TV imodzi ndi makina a gemu. Woonerera sankalipira, ndipo phokoso lake linkathandiza kuti munthu asamve mimba yake ikulankhula.

Gemu imene anthu ankaikonda inali yosokoneza mutu. Anatenga ngwazi za nkhani zosiyanasiyana, za maiko osadziwana, n'kuziponya m'bwalo limodzi kuti zimenyere limodzi nkhondo. Anyamata ankadziwa kuti uyu wachokera mu filimu yakuti, uyo mu katuni yakuti. Ine ndinkangoona ngati mzere wa chimanga ku depoti, kumene shehe, katekisiti, mphunzitsi ndi msodzi amaima phewa ndi phewa chifukwa vuto ndi limodzi.

Gulu lako limakhala la anayi. Wotsogolera ndi mnyamata wa lupanga lalikulu amene tinkamutchula Wachikwanje. Pali mayi wamtali wa kudziko la chisanu, Wamkondo. Pali bambo wandevu wa nsalu yoyera kumutu, wothamanga ngati mphepo, Wamipeni. Ndiye pali kanthu kakang'ono kozungulira, ka maso aakulu, kouluka pambuyo pawo kakulira "pii, pii." Kameneko ndi Kabotolo. Iwe umayendetsa mmodzi, enawo amamenya okha, ndipo ukadina batani lapamwamba umalumphira mwa wina.

Alamu anga gemu imeneyi inawalowa m'magazi. Kasitomala akawaitana panja ankandiponyera padi, kachipangizo ka mabatani koyendetsera gemuyo.

"Alamu, gwirani apa, musangofa."

Ndi mmene ndinaphunzirira. Batani ili kumenya mofulumira, ili kumenya mwamphamvu, ili kutchinga, ili kugubuduka pansi kuti chikuphonye. Zala za msodzi zozolowera kusoka ukonde sizinavutike. Posakhalitsa tizilombo ta m'njira ndinkatisesa ngati zinyalala.

Koma panali zinthu ziwiri zimene ndinaziona ndi maso a munthu wamkulu.

Choyamba, pamwamba pa munthu aliyense pali kamzere kobiriwira. Akamenyedwa kamafupika, kenako kamafiira. Anyamata ankati ndi laifi. Koma ndinaona kuti ukangoyendayenda pang'ono, kamzereko kamadzaza kokha. Ndinati mumtima, iyi si laifi, iyi ndi njala. Ndimaidziwa ine. Imaluma, ukaipirira imagona.

Chachiwiri n'chimene chinkandiwawa. Gululo linali ndi thumba, ndipo m'thumbamo munali buledi, supu, zipatso, nkhuku zowotcha, miyendo ya mbuzi, ndi timbewu tagolide towala. Osewera onse a pamalopo ndiwo analidzaza pang'onopang'ono, poti onse ankapitiriza ulendo umodzi womwewo. Ndiye uone mnyamata wangokandidwa pang'ono, watsegula thumba, wameza nkhuku yathunthu. Munthu mmodzi, ali chiimire, osasamba m'manja, osayang'ana n'komwe ngati anzake adya. Chaka ngati chimenecho! Ndinkatembenukira kukhoma.

Ine thumbalo sindinalitsegulepo. Anthu anga ankapirira ngati a kwa Kawinga, ndipo ankachira okha. Nzeru imeneyi sindinauze aliyense, ndinaisunga ngati chizimba.

Tsiku lina mnyamata amene ankayang'anira chipindacho ananyamuka ulendo wa ku Joni osatsanzika. Abiti Jafali anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndikufuna munthu wina. Malipiro ake mbale ya masana tsiku lililonse, ndowa ya chimanga poyamba ntchito, ina mwezi ukatha. Koma akhale wodziwa. Makasitomala akakanirira pamalo ovuta amachoka atakwiya, ndiye woyang'anira azitha kuwawolotsa. Amene agwetse chilombo cha m'gemu chimene chakanika anthu chija, ntchito ndi yake."

Ndowa ya chimanga. Ndinaona chitini chija chikukhazikika bwinobwino kudenga.

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anga anali ataimirira kale.

"Abiti, musavutike kufunafuna. Alamu angawa ndi katswiri. Chiyambireni sindinawaonepo akutsegula thumba ngakhale kamodzi."

Chipinda chonse chinatembenuka.

"Osadya olo kamodzi?"

"Olo chipatso," anatero a Rajabu, akudzimenya pachifuwa ngati anandiphunzitsa ndi iwo.

Anyamata anandiyang'ana mwaulemu umene sindinaulandirepo chibadwire. Iwo ankaganiza kuti sindidya chifukwa sindimenyedwa. Ine ndinkaganiza kuti akuyamikira kusunga kwanga. Ndinangoweramitsa mutu modzichepetsa, ngati munthu amene watchulidwa dzina m'tchalitchi.

Loweruka masana chipinda chinadzaza. Akabaza anaimika njinga panja, ogulitsa mandasi anaunjikana pawindo. Abiti Jafali anakhala pa kireti pakona ndi lichero la mpunga akusankha timiyala. Za gemu sankadziwa kanthu, koma nkhope za anthu ankaziwerenga bwino.

Chilombocho tinkachitchula Chisitima. Nacho chinali chosakaniza maiko awiri: mutu wa ng'ona, thupi la sitima ya katundu, miyendo yachitsulo. Chinatuluka m'phanga chikufuka utsi, benchi yonse n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinayamba bwino, zimenezo ngakhale adani anga amavomera. Chikadza ndi mutu, ndimagubuduka kumanzere n'kuchitema mwendo ndi Wachikwanje. Chikadzuka, ndimalumphira mwa Wamkondo n'kuchibaya pakhosi, poti mkondo umafika patali. Chikatembenuka, ndili kale mwa Wamipeni kumbuyo kwake, tcha tcha tcha, n'kuthawa mchira usanafike. Pansi pa sikirini pali kamzere kena kachikasu kamene kamadzaza ukamamenya osaphonya. Katadzaza ndinadina mabatani awiri pamodzi, ndipo Wamkondo anaponya Wamipeni m'mwamba, iye n'kutsika ngati mphezi pamsana pa Chisitima. Imeneyo ndiyo kombo, anthu a maiko awiri kumenya ngati a mimba imodzi.

"Mwaona?" anakuwa a Rajabu. "Mlamu wanga ameneyo!"

Laifi ya Chisitima itafika pakati, chinakwiya. Maso anafiira, mawilo anayaka moto, chinayamba kuzungulira bwalo lonse chikulavula makala. Kugubuduka sikunakwanenso. Timizere ta anthu anga tinayamba kufupika, kuchoka kobiriwira kupita kofiira.

Sindinade nkhawa. Ndinathamangitsa Wachikwanje kukona kuti apume pang'ono njala igone. Koma kamzere sikanasunthe. Zimene sindinkadziwa n'zakuti kamadzaza kokha ndewu ikatha basi, ndipo ndewu ya Chisitima siitha mpaka wina agone pansi.

"Alamu, idyani tsopano," a Rajabu anandinong'oneza.

"Nthawi yake sinakwane."

"Nthawi yanji?"

"Dzuwa silinalowe."

Ndinaloza pa sikirini. Dzuwa la m'gemumo linali pamutu penipeni.

A Rajabu anandiyang'ana ngati ndawalankhula Chitchaina.

"Alamu, dzuwa limenelo sililowa. Anachita kulijambula."

"Ndiye adikire. Akadya masana, madzulo adya chiyani?"

Wina pawindo anaseka, akuganiza kuti katswiri akuchita nthabwala. Koma Chisitima chinaponda Wamkondo, kamzere kake n'kutsala ngati ulusi. Anthu anayamba kukuwa.

"Tsegulani thumba, bambo!"

"Thumba, akulu, thumba!"

Ndinaona kuti mwina lero ndi tsiku la matenda, ndipo wodwala amaloledwa kaphala masana. Ndinadina batani la menyu. Ndewu inaima, Chisitima chinauma m'malere kukamwa kuli yasa, ndipo thumba linatseguka.

Chipinda chinati zii. Pa sikirini panali nkhuku zofiirira bwino, buledi wofufuma, supu wa nthunzi. Tonse m'menemo tinali anthu a chakudya kamodzi patsiku. Mimba ya munthu wina kumbuyo inalira mokweza, ndipo palibe anaseka, poti aliyense ankaganiza kuti ndi yake.

Ndinasankha buledi mmodzi.

"Batani lonyema pakati ndi liti?"

"Kulibe," anatero a Rajabu.

"Ndiye amagawana bwanji?"

"Sagawana, alamu. Mupatseni Wachikwanje, akufa."

Ndinapukusa mutu. Gemu yopanda mwambo. Ndinatsitsa muvi mpaka pa Kabotolo n'kumupatsa bulediyo. Kanalira "pii" mosangalala.

Chipinda chinaphulika.

"Mwapatsa Kabotolo? Laifi yake ndi yodzaza!"

"Amayamba ndi ana," ndinayankha.

"Si mwana ameneyo! Ndi wachitsulo, anamupanga makolo awo a onsewa asanabadwe!"

"Wachitsulo kapena wadothi, wamng'ono ndi wamng'ono. Taonani mmene akundiyang'anira."

Ndinamuonjezera chipatso. Abiti Jafali anasiya kusankha mpunga.

Kenako ndinapatsa Wamkondo supu, monga mayi. Kamzere kake kanakwera pang'ono chabe, poti supu ndi supu. Ndinafika pa Wamipeni, amene kamzere kake kankaphethira ngati nyali yotha mafuta.

"Mwendo wa mbuzi," anatero a Rajabu. "Umadzaza yonse. Mupatseni."

Ndinaika muvi pa mwendowo, ndinayang'ana ndevu za munthuyo ndi nsalu yake yoyera, chala changa n'kukana. Ine ndine Mkatolika, koma ndinakulira ku Chiuta. Kwathu ngakhale nkhuku ya Khirisimasi timaitana mnansi wachisilamu adzazinge, kuti aliyense wobwera adye ndi mtima umodzi.

"Alamu," ndinafunsa motsitsa mawu, "mbuzi imeneyi anazinga ndani?"

"Mwati bwanji?"

"Che Mwalimuwa sindingawapatse nyama yosadziwika wozinga."

Mnyamata wina anagwa pa benchi. Wina anati munthuyo si Msilamu, nsaluyo ndi yotchinga fumbi la m'chipululu. Wogulitsa mandasi pawindo anati iyayi, bamboyu akunena zoona, ndevu zimenezo si zamasewera. Mkangano unabuka, ena Chiyao ena Chichewa. A Rajabu anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Alamu, Msilamu pano ndine. Ndikuloleza ineyo. Munthu akakhala pa imfa zimaloledwa!"

"Inu ndinu wakabaza, alamu, si inu shehe. Tchimo limeneli lidzakhala pa ine."

Ndinawapatsa Che Mwalimu chipatso chimodzi, chimene chilibe mlandu ndi chipembedzo chilichonse. Wachikwanje sindinamupatse kanthu. Iye ndiye bambo wa gululo, ndipo bambo amadziwa malo ake. Ndinatseka thumba ndili wokhutira kuti banja ladya ndipo nkhokwe sinagwedezeke.

Ndewu itayambiranso, Chisitima sichinachedwe. Mchira umodzi, Che Mwalimu pansi. Makala a moto, Wamkondo pansi. Ndinatsala ndi Wachikwanje, kamzere kake kofiira kakulira ngati foni yotha batire, ndi Kabotolo wokhuta akuuluka uku ndi uku osathandiza kanthu.

Apa ndiye ndinamenya nkhondo ya moyo wanga. Gubudu kumanja, tema, gubudu kumanzere, tchinga, tema. Thukuta linkagwera pa padi. Laifi ya Chisitima inatsika, inatsika, mpaka inatsala kachidutswa. Koma chinakwera pamwamba pa phanga pamene lupanga silifika, n'kuyamba kukoka mpweya kuti chilavule moto wotsiriza. Pamenepo pamafunika kombo, ndipo kombo imafuna anthu awiri oimirira. Kabotolo sawerengedwa.

"Mbewu!" anakuwa a Rajabu. "Mbewu yagolide! Imadzutsa onse, imadzaza chilichonse. Imodzi yokha, alamu, mwawina!"

Chipinda chonse chinagwirizana, ngakhale aja ankakangana za ndevu.

"Mbewu! Mbewu! Mbewu!"

Ndinatsegula thumba. Ndewu inaimanso. Timbewu tija tinali pakona pake, tochepa, towala. Ndinaika muvi pamenepo. Ndowa ya chimanga inali pansi pa chala changa chachikulu.

Koma ndikuuzeni zoona, sindinaone golide. Ndinaona chitini kudenga, ndi a Esinati ataima pansi pake akuuza ana kuti ayang'ane kwina. Mayi uja akulimbana ndi ana olira kuti asatsitse mbewu, ine bambo wake wa nyumba ndidye mbewu pamaso pa anthu, masana dzuwa likuswa mtengo? Ndiponso thumbali si langa ndekha, adzaza ndi anthu ambiri. Chaka chamawa adzadzala chiyani?

"Iyayi," ndinatero. "Mbewu sitidya."

"Alamu..."

"Chilichonse tingadye, alamu. Mango aawisi, nyika, gaga. Koma mbewu ikalowa m'kamwa, mwadya chaka chamawa. Akazi anga kwa Kawinga akugona ndi njala pansi pa chitini chodzaza. Ine ndikhale woyamba?"

Panalibe woseka. Wogulitsa mandasi uja anayang'ana pansi. Bambo wina wachikulire pakhomo anati, "Eetu," motsitsa. Kwa kamphindi ndinamva ngati ndalalikira ulaliki wabwino, ndipo ndinatseka thumba mwaulemu wonse.

Moto unatsika. Wachikwanje anapsa ngati chiwala. Pa sikirini panatsala Kabotolo yekha, wonenepa, akuzungulira mitembo ya anzake n'kumati "pii, pii." Kenako panabwera zilembo zofiira zimene ngakhale ine wosadziwa Chingerezi ndinazimva.

Ulaliki wanga unathera pomwepo. Kuseka kumene kunabuka, anthu a pa siteshoni anabwera kudzafunsa ngati kwagwa ngozi. Wina ankagubuduka pansi kuposa Wachikwanje.

"Afa ndi njala nkhokwe ili yodzaza!"

"Koma mwana yekha wakhuta!"

A Rajabu sanaseke. Ananditenga padi m'manja mofatsa ngati akulanda mpeni kwa wodwala, n'kudina batani limodzi. Sikirini inathima n'kuyakanso. Anthu anga onse anayi anali chiimire pakhomo pa phanga, amoyo, osapsa. Anatsegula thumba. Buledi uja ndinapatsa Kabotolo anali momwemo. Supu anali momwemo.

"Mwaona, alamu? Mukafa zonse zimabwerera mmene zinalili ndewu isanayambe. Ngakhale mukanadya thumba lonse."

"Nanga mukawina?"

"Chisitimacho chikafa chimataya nyama yodzaza thumba lina. Kumeneku chakudya chimagwa m'zilombo."

Ndinaloza timbewu tija pa sikirini.

"Nanga mbewuzo amadzala kuti?"

"Sadzala. M'gemu yonseyi mulibe munda."

"Ndiye n'zachiyani?"

"N'zodya, alamu."

Ndinaimirira. Manyazi anali apo, koma chimene chinkandiwawa kwenikweni ndi ndowa ija. Ndinaitaya ndekha, chifukwa cha mbewu yosamera, ndipo tsopano mbewu yeniyeni inali paulendo wopita m'poto. Ndinkafuna ndikafike kuseri kwa njanji anthu asanaone kuti maso anga ayamba kunyowa.

"A Fanuel."

Anali Abiti Jafali. Anaika lichero pansi n'kundikodola kuti ndiwatsatire kuseri kwa golosale. Kumeneko kunali chipinda cha chitseko chachitsulo, m'kati muli matumba a chimanga ndi nyemba amene ankagulitsa pang'onopang'ono.

"Za gemu muiwale," anatero. "Mungandithawitsire makasitomala onse. Koma tandiuzani, zija mumachita dala kuti anthu aseke?"

"Iyayi, mayi. Ndimaona ngati ndi mmene zimayenera kukhalira."

"Anthu onse aja akukuwa, ntchito ili pachala, inu n'kukana?"

"Ndinapusa, mayi."

"Kupusa munapusadi," anavomera mosanyengerera. "Koma chipinda ichi ndaikapo anthu ochenjera angapo, ndipo matumba amaonda okha ngati akudwala. Wochenjera akauzidwa ndi mnzake kuti tapako pang'ono, amatapa. Inu chipinda chonse chalephera kukudyetsani mbewu yojambula. Makiyi awa. Malipiro ndi omwe aja."

Ndinayang'ana makiyiwo, ndinayang'ana mayiwo. Ndinangowomba m'manja ngati mkamwini.

Ndowa yoyamba inakwera kabaza wa a Rajabu tsiku lomwelo kupita kokwerera galimoto za kwathu, ndipo ulendo wonse alamu anga ankangopukusa mutu n'kumati, "Anazinga ndani. Mlamu wanga ine, anazinga ndani." Chitini sichinatsike mpaka mvula inagwa. Mbewu ija inalowa m'nthaka, osati m'poto, ndipo inamera bwino. A Esinati atamva nkhani yonse anaseka mpaka kukhala pansi, kenako analira pang'ono, kenako anandiletsa kuifotokoza.

Mbale ya masana ndinaidya tsiku lililonse mpaka kukolola. Koma ya tsiku loyamba ndinaigula modula.

Lolemba lake, fungo la mpunga ndi nyemba litayamba kuzungulira golosale, ndinatseka chitseko chachitsulo, ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kukaima pakhomo pa khitchini. Sindinadziwe kuti akabaza onse a pa siteshoni abisala kuseri kwa mpanda. Abiti Jafali anatuluka ndi mbale yodzaza, yanthunzi. Ndinatambasula manja onse awiri.

Mayiwo anaima. Anayang'ana kumwamba, anaphimba maso ndi dzanja, n'kubweza mbale ija pachifuwa.

"Mwafulumira, a Fanuel. Dzuwa silinalowe."

Phunziro lake ndi ili: malamulo a njala ya kwanu muziwanena motsitsa mawu, poti abwana amamva ndipo saiwala.